Mazira a Khwangwala ndi Kamuvi ka Injiniya Kakowa

Padangokhala, anzanga. Ndati padangokhala. Amene ali nane anene kuti tili tonse, amene akusinza adzamvera kwa anzake, ine sindibwereza.

Panali tauni ina ya nyama, meya wake a Njiri, bambo wokonda alendo kuposa ana ake, wovala unyolo wa umeya ngakhale popita kukasamba. Tauniyo inali ndi magetsi, koma magetsi ake aja ochokera ku kamakina kokalamba ka kumtsinje. Njati akaliza chigayo, mababu onse ankafiira. Chiuli akayamba kuwotcherera zitsulo, wailesi inkameza mawu. Onse anazolowera, ankangoti ndi mmene amakhalira magetsi.

Mmodzi mwa okonza mawaya m'tauniyo anali Khwangwala wamkazi, amene anzake ankamutchula ndi mfunda wake kuti Anangondo. Mwamuna wake anali atangofa ndi legeni, kumusiyira mazira anayi m'chisa. Ntchito sakanaisiya, chifukwa lamulo linali lakuti wa mawaya akathawa ntchito amathotholedwa mapiko. Anapempha Nkhuku kuti izimufungatirirako mazirawo masana. Nkhuku inaseka mpaka kugwa chagada, niti iyo siingatenthetse mbava zodzaba anapiye ake mawa. Bakha anakana, Nkhanga inakana, ndipo tinene zoona, a Khwangwala mbiri yawo pa nkhani ya mazira si yabwino. Ndiye mayiyu anatenga kabokosi, kuyalamo thonje, kupachikamo babu, n'kuikamo mazira ake. Babu ija ndiye inali amayi awo a mazirawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti aswe, ndipo unali mwezi wa chisanu.

Tsiku lina a Meya anaitanitsa msonkhano, nalengeza kuti nthambo yaikulu ya magetsi yochokera kudziko lakutali yafika pakhomo pa tauni. Magetsi a mu nthambo imeneyo sanali ngati am'nyumbawa, amene amakankhana kupita ndi kubwerera. Awa ankangoyenda kulowera kumodzi, ankhaninkhani, ndipo pothera pake anamangapo nyumba yowasinthira kuti alowe bwino m'mawaya a m'tauni. Nyama zinavina. Khwangwala yekha ndiye sanavine.

Iye ankadziwa chimene enawo sankadziwa. Nyumba yosinthira ija imatsamira pa magetsi amene yawapeza, monga wosenza mtolo waukulu amatsamira pa womutula. Womutulayo akakhala wa mawondo ofooka, onse awiri amagwa, mtolo pamwamba. Zinachitikapo ku tauni ya a Ntchefu: analumikiza nthambo yotereyi pa magetsi ofooka, zonse zinapsa tsiku lomwelo, mdima miyezi itatu, ndipo okonza mawaya anatengedwa kukagona kuthengo mpaka ntchito itatha. Zikanachitika kuno, babu ikanazima, mayi akanatengedwa, mazira akanasukuluka.

Komabe panali pogwira. Eni nthambo anati salumikiza asanayeze. Anati atumiza Injiniya Kakowa katatu, masiku atatuatatu, ndi mita yake ya kamuvi. Adzaiika pa mawaya a m'tauni dzuwa lili paliwombo, n'kuyang'anira ola lathunthu. Kamuvi kakaima chilili, ndiye kuti magetsi ndi olimba, adzalumikiza m'mawa wotsatira ulendo wachitatu. Kakagwa, adikire. Khwangwala anapumira m'mwamba, nati mumtima chigayo cha Njati chokha chikwanira kukagwetsa kamuviko.

Koma mayi wanga, anaiwala kuti kwawo kuno mlendo salandiridwa ndi phokoso la ntchito.

Usanafike ulendo woyamba, Sajeni Nyani anayenda khomo ndi khomo ndi chibonga chake kunena kuti mawa kuli mlendo wolemekezeka, choncho chigayo chitsekedwe, zowotcherera zizimitsidwe, saluni ya Mai Nungu isayatse ngakhale chopesera, aliyense akaime kumsewu. Khwangwala anathamangira kwa a Meya, nagwada, nafotokoza kuti kuyeza magetsi pamene palibe akuwagwiritsa ntchito ndi kudzinamiza.

«Anangondo,» anatero a Meya, «mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mukufuna akanene kwawo kuti tinamulandira ndi fumbi la chigayo?»

«Bwana, akubwera kudzayeza, osati kudzacheza.»

«Wobwera ndi mlendo basi. Pitani mukachape khosi lanu loyeralo.»

Khwangwala anaona kuti pakamwa sipamuthandiza. Anapita kwa Njati, namunong'oneza kuti Injiniya Kakowa ali ndi m'mimba movuta, sadya phala la ufa wogona, amafuna ufa wotuluka m'chigayo nthawi yomweyo ukadali wofunda. Njati, munthu wosavuta, anakauza akazi awo a Meya, ndipo mayi aja anagwira pakamwa kuti akanachita manyazi.

Kakowa anafika atavala jekete lake loyera, khosi lalitali, mawu ochepa. Anaika mita pa tebulo pansi pa thiransifoma. Nyama zinayamba nyimbo imene a Meya anapeka okha. Inali nyimbo yofunsa ndi kuyankha: mtsogoleri ankafunsa ngati kamuvi kagwedezeka, gulu n'kuyankha ndi m'manja kuti kali nji ngati msilikali, kenako onse n'kuponda pansi kawiri. Khwangwala sankaimba. Khutu lake linali kuchigayo.

M'malo mwa chigayo anamva misi. Akazi awo a Meya anali ataganiza kuti mlendo wa m'mimba movuta sangamupatse ufa wa makina, ulemu wake ndi kumusinjira pamanja. Amayi asanu ndi mmodzi anasinja, kusefa, kuphika, Kakowa anamwa phala lake modabwa, kamuvi kali chiimire. Analemba m'buku kuti ulendo woyamba zili bwino, nauluka.

Madzulo ake Njati anatsegula chigayo kuti agaye matumba amene anaunjikana, ndipo Khwangwala anakhala pambali pa kabokosi akuyang'ana babu ikufiira, ikuwala, ikufiira. Anatembenuza mazira limodzilimodzi ndi mlomo. Chakudya sichinalowe.

Pofika ulendo wachiwiri anali ataganiza china. M'mamawa anapita ku bwalo kumene anakonzera mlendo, namasula mabawuti a denga lachitsulo la pamthunzi, nasiya nsanamira imodzi itapendama. Kakowa atangokhala pansi, denga linati gwede, kutsala pang'ono kumuphwanya khosi lalitali lija. Khwangwala ndiye anayamba kukuwa kuti aitane Chiuli msanga ndi makina ake, mlendo angafere m'manja mwathu. Chiuli, amene sakonda kuima pamzere n'kale, anakoka makina ake mokondwa, nalumikiza, nakhudzitsa ndodo pachitsulo. Moto unathetheka.

Kamuvi kananjenjemera. Kakowa anakweza mutu.

«Chimenecho n'chiyani?» anafunsa.

«Ndi ntchentche, bwana, inatera pagalasi,» anatero a Meya, uku akutsinzinira Sajeni.

Nyani anali atafika kale pa Chiuli n'kuzula waya. Anati kuthwanimitsa moto pamaso pa mlendo ndi chipongwe, ndipo denga analimanga ndi luzi, agwape awiri n'kuima chogwirizira nsanamira ola lonse. Nyimbo inayambanso, mtsogoleri kufunsa, gulu kuyankha kuti kali nji, mapazi kuponda kawiri. Kakowa anayang'ana kamuvi nthawi yaitali, napukuta galasi, nalemba kuti ulendo wachiwiri zili bwino.

Mlendo atapita, Sajeni Nyani anamupeza Khwangwala kuseri kwa bwalo. Anatambasula dzanja, m'menemo muli bawuti imodzi yokhala ndi mikwingwirima ya mlomo. Sanakalipe ayi, ndipo n'chimene chinaopsa. Anangoti akudziwa za kabokosi kali m'chisa, akudziwanso kuti waya wopita kumeneko ndi umodzi wokha, ndipo iye mpeni ali nawo. Chinthu china chikadzathyokanso pa ulendo wachitatu, adzayamba ndi waya umenewo.

Masiku atatu amenewo Khwangwala anawonda. Ankakwera pholo n'kuiwala chimene wakwerera. Ankati akamva chinthu chaphulika kutali, ngakhale tayala la njinga, mtima unkathawira kukabokosi. Anaganiza zokadikirira Kakowa panjira n'kumuuza zonse, koma Kakowa ankabwera ndi Sajeni kuchokera kumalire mpaka kubwalo. Anaganiza zongokhala chete, mwina nthambo idzalowa bwino, popeza akuti khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Koma ukalamba wake wokha, wopanda mwana, unali wa chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiye anakhala pansi n'kufunsa kuti kodi a Meya amaopa chiyani kuposa kukhumudwitsa mlendo. Yankho linabwera lokha: amaopa kusekedwa.

Kutatsala tsiku limodzi anapita ku ofesi ya a Meya, mapiko ali khoba, nati wabwera kudzapepesa za bawuti ija, komanso ali ndi kanthu kamene akuchita nako manyazi kukanena. A Meya anatseka chitseko. Khwangwala anati poti iye amakhala pa mawaya tsiku lonse, nthawi zina mawu a pa lamya amamulowera m'mapazi, safuna koma amangomva. Ndipo dzulo wamva Kakowa akuuza mabwana ake.

«Akuti chiyani?»

«Bwana, ndi zolaula.»

«Nenani, Anangondo.»

«Akuti wafikako kawiri, sanamve chigayo, sanaone wosula, sanaone wosoka. Akuti ndi tauni ya alesi, odziwa kuimba basi. Akuti nthambo yotere kuipereka kwa anthu ongoomba m'manja n'kutaya, bola aikhotetsere kwa a Ntchefu.»

A Njiri anaimirira mpaka unyolo unakola pa nyanga ya mano. Kwa a Ntchefu! Anthu amene anakhala mumdima miyezi itatu! Anazungulira tebulo kawiri akupuma ngati mvukuto. Khwangwala anati mwaulemu, mwina mawa Njati angoliza chigayo pang'ono, kenako Chiuli awotcherere kachitsulo kamodzi, mlendo aone kuti manja tili nawo. Zimenezo zokha zikanagwetsa kamuvi popanda kuzimitsa babu ya m'kabokosi. Iye anali atawerengera bwino.

Chimene sanawerengere ndi mtima wa a Njiri. Bambo amene uja sadziwa pang'ono. Anaitana Sajeni pomwepo, nalamula kuti mawa chilichonse chokhala ndi waya m'tauni muno chiyake: zigayo zonse zitatu, makina a Chiuli ndi a mlamu wake, zowumitsira tsitsi za Mai Nungu, simbi zonse, mbaula zonse, pampu ya madzi, macheka a Gogomole, zokuzira mawu za kutchalitchi ndi za kumowa. Ndipo zisayake chimodzichimodzi ngati anthu okayika. Ziyake pamodzi, nyimbo ikafika poponda pansi, iwo akagwetsa chipewa.

Khwangwala anayesa kubweza mawu. Anati bwana, zonse pamodzi thiransifoma siingapirire, tiyambe ndi chigayo. A Meya anaseka nati si inu nomwe mwandiuza kuti akutinena ulesi, lero mwayamba kuopa ntchito? Ndipo pomuthokoza chifukwa cha makutu a m'mapazi ake, analamula kuti mawa adzaime kudzanja lawo lamanja, malo aulemu, Sajeni ali pambali pake.

Msampha anautchera yekha, ndipo unamugwira mwendo. Akaulula kuti wanama, Sajeni adula waya lero lomwe, mawa kamuvi kaima, mkuja nthambo ilowa. Akakhala chete, babu izima mawa masana iye ali pabwalo. M'mawa mwake anaunjika thonje lonse limene anali nalo pamwamba pa mazira, nathothola nthenga za pachifuwa pake n'kuphimbira, natseka kabokosi. Kunja kunali kamphepo kaja kolowa m'mafupa. Kunali kutatsala masiku asanu.

Kakowa anafika, naika mita. Nyimbo inayamba. Mtsogoleri anafunsa ngati kamuvi kagwedezeka, gulu linayankha kuti kali nji, ndipo tsikulo mayankho anali ochepa chifukwa theka la tauni linali m'nyumba, zala pa swichi. Khwangwala ankangoyang'ana chipewa cha a Meya. Anafunsa kachiwiri, anayankha. Anafunsa kachitatu. Mapazi anakwera m'mwamba, chipewa chinagwa.

Tauni yonse inabangula kamodzi. Kamuvi sikananjenjemere ayi, kanangogwa chagonere kumanzere. Thiransifoma inalira ngati ng'ombe yophedwa, kenako phuu, utsi wakuda. Zigayo zinaguguza n'kuima. Kunangoti zii, kumveka mphepo yokha.

Khwangwala anatambasula mapiko, koma dzanja la Nyani linali kale pa mchira wake. Magetsi akazima, wa mawaya sachoka, limenelo ndi lamulo, ndipo aliyense ankalidziwa.

Kakowa anavula magalasi. Anafunsa modekha kuti kodi zinthu zonsezi zimene zalirazi zinali kuti maulendo awiri aja. A Meya anati zinali kupereka ulemu. Kakowa anatseka buku lake.

«Ndiye kuti ndakhala ndikuyeza munthu ali mtulo,» anatero. «Tikanalumikiza mawa, sikukanapsa kachitsulo aka kokha. Nthambo idikire. Muyambe mwaikapo makina ochirikiza magetsi anuwa, ndidzabweranso tsiku losakuuzani.»

Apa mukanati nkhani yatha, amusiye mayi apite. Iyayi. A Meya anayamba kupepesa mlendo, ndipo kupepesa kwa a Njiri kumayambira pa agogo awo. Atatha iwo anaimirira wapampando wa amalonda. Atatha iye anaimirira mkulu wa mpingo. Dzuwa linapendeka, mphepo inakula, Khwangwala akuwerenga mumtima kuti thonje lija lingasunge kutentha mpaka liti. Anapempha kuti akangosuzumira kunyumba, Sajeni anati ngolo ikubwera kudzatenga a mawaya onse kupita nawo kumtsinje, kamakina nakonso kapsa, ntchito ya sabata ziwiri.

Sabata ziwiri. Pamenepo Khwangwala anaona khomo limodzi lokha lotsala. Wothawa ntchito amathotholedwa mapiko, koma wochotsedwa ntchito amangouzidwa kuti choka.

Akazi awo a Meya anali atangoika mbale ya ziwala zokazinga patsogolo pa mlendo. Khwangwala anadzikoka mwamphamvu, nthenga ziwiri za mchira n'kutsala m'dzanja la Nyani, natera pakati pa mbale ija ndi mapazi onse awiri. Anajompha ziwala zitatu pamaso pa Kakowa. Amayi anabisa nkhope. Ndiye anatembenukira kwa a Meya, m'kamwa muli modzaza.

«Za lamya zija ndinapeka ndine. Mapazi samva mawu, bwana, ngakhale mwana amadziwa. Inu nokha ndiye munakhulupirira.»

Wina kumbuyo anaseka, n'kuyesa kusandutsa chifuwa. A Njiri anamva kusekako. Sajeni anafunsa ngati amumange, mlandu ukambidwe bwino mawa, ndipo kwa Khwangwala zimenezo ndiye zikanamaliza zonse. Koma a Meya manyazi anali atawakwera m'mutu, sakanapirira kumuonanso ngakhale mphindi imodzi.

«Ntchito yakuthera pano. Choka pamaso panga.»

Sanadikire kuti abwereze.

Anafika pachisa mthunzi utatalika. Babu inali yozizira. Anakankha chivundikiro, nafukula thonje, nakhudza dzira loyamba ndi tsaya: lozizira. Lachiwiri, lozizira. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi, limene linali pakati, sanathe kudziwa ngati kunali kufunda kwake kapena kwa tsaya lake lomwe. Anawakokera onse anayi pansi pa chifuwa, nakhala.

Anakhala tsiku loyamba, lachiwiri, osadya. Njati anamva nkhani yonse nabwera ndi kathumba ka madeya, nakasiya pansi pa mtengo mwakachetechete. Nkhuku ija inabweranso, maso ali pansi, niti ngati akufuna kukamwa madzi iyo ikhoza kukhalapo kanthawi. Khwangwala anangoti zikomo, mwachedwa, ndipo sanasunthe. M'tauni ankati Anangondo atipulumutsa, ena ankati ndi wamwano, a Meya ankauza aliyense kuti chiwonetsero chija anachikonza dala kuti choonadi chioneke. Zonsezo kwa iye zinali mphepo. Ankangopendeketsa mutu, khutu pa chigoba cha dzira, kumvetsera.

Tsiku lachisanu linadutsa popanda kanthu. Lachisanu ndi chimodzi m'mawa anamva kugogoda, pang'ono kwambiri, mpaka anayamba waleka kupuma kuti atsimikize. Chigoba chinang'aluka, kunatuluka kamlomo, kenako kamutu konyowa, kosaoneka bwino ngati ana onse a khwangwala. Mayi analira, ndikunena kulira kwenikweni, chimwemwe ndi mantha pamodzi.

Atatu enawo anawakhalirabe. Kamwana kanatsegula maso, iye ali pa mazira. Kanamera nthenga, iye ali pa mazira. Magetsi anayakanso, babu ya m'kabokosi inawala yokha masana, iye osaiyang'ana n'komwe. Nkhuku inamuuza mosamala kuti mayi, amenewo asukuluka, fungo lafika pansi pano. Anati akudziwa. Anati akudziwanso kuti amene anawauza a Meya za lamya ndi iye mwini. Anakhalaponso masiku ena awiri, kenako anawanyamula limodzilimodzi kukakwirira, maulendo atatu, kamwana kakumuyang'ana.

N'chifukwa chake khwangwala akatera pa waya amalira katatu, kenako amakhala chete, mutu chopendeka, ngati pali china choti amve.

Yanga yathera pompo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, ine ndamva kale kununkha.